HTTPS pa kompyuta yanu: chifukwa chake kamera imakana pa foni, ndi momwe mungakonzere

Funso ili limabwera kawirikawiri pakati pa amene angoyamba kumanga mawebusaiti. Munthu walemba tsamba loti lijambule chiphaso cha kasitomala, kapena loti lidziwe malo amene munthu ali. Pa laputopu zonse zikuyenda: atsegula http://localhost:3000, browser ipempha chilolezo, kamera iyaka. Ndiye atenga foni, ailumikiza pa Wi-Fi yomweyo, alemba adiresi ya laputopu ija, mwina http://192.168.1.20:3000. Tsamba litseguka, koma kamera zii. Akayang'ana mu console apeza uthenga woti navigator.mediaDevices ndi undefined, n'kuyamba kusanthula khodi yake mzere ndi mzere, pamene khodiyo ilibe vuto.

Chosoweka ndi HTTPS. Ambiri timaiona ngati nkhani ya tsiku lomaliza, pamene webusaiti ikukwezedwa pa intaneti kuti anthu ayambe kuigwiritsa ntchito. Koma ma browser a masiku ano amatsekera zinthu zambiri tsamba lililonse losatetezedwa, ngakhale likuchokera pa laputopu imene ili pa tebulo pomwepo. Kuika HTTPS pa malo oyesererapo ndi ntchito ya mphindi zochepa. Chovuta n'chakuti ambiri amangokopera ma command pa intaneti osadziwa chimene akuuza kompyuta yawo, chikhalirecho imodzi mwa ma command amenewo imapanga fayilo yoopsa ikagwera m'manja mwa munthu wina.

## HTTPS imagwira ntchito ziwiri

HTTP ndi njira imene browser, pulogalamu yotsegulira masamba monga Chrome, Firefox kapena Safari, imalankhulirana ndi seva, kompyuta imene ikusunga webusaitiyo. Pa HTTP wamba chilichonse chimayenda poyera. Mukalemba pasiwedi pa tsamba lotero, mwini Wi-Fi imene mwalumikizako, kapena aliyense amene uthengawo ukudutsa m'makina ake, akhoza kuiwerenga mmene mwailembera. Akhozanso kusintha tsambalo lisanakufikeni, n'kuikamo nambala ina yotumizirako ndalama.

HTTPS ndi HTTP yomweyo, koma yodutsa mkati mwa chitetezo chotchedwa TLS. Chitetezochi chinayambira ku kampani ya Netscape, imene inatulutsa SSL mu 1995. Mu 1999 chinakonzedwanso n'kutchedwa TLS, ndipo TLS 1.3 inavomerezedwa mu 2018. SSL yakaleyo inasiyidwa chifukwa inapezeka ndi zibowo, ngakhale pamsika anthu akunenabe kuti "satifiketi ya SSL". HTTP imayenda pa port 80, HTTPS pa port 443. Port ndi nambala yosiyanitsa mapulogalamu amene akudikira uthenga pa kompyuta imodzi.

Ntchito yoyamba ya TLS ndi kusokoneza uthenga kuti amene ali pakati aziona zilembo zopanda tanthauzo. Yachiwiri ndi kutsimikizira kuti seva imene mukulankhula nayo ndi imenedi mumaifuna. Anthu amadziwa yoyambayo, koma imene imavutitsa pa kompyuta ya womanga mawebusaiti ndi yachiwiri. Ndipo yoyamba payokha sithandiza: pasiwedi ikhoza kubisidwa mwaluso njira yonse, n'kukafikira kwa wakuba amene akudzitcha banki yanu.

Zonsezi zimadalira makiyi awiri opangidwa limodzi. Kiyi yachinsinsi imakhala pa seva ndipo sichokapo. Kiyi yapoyera aliyense akhoza kuiona. Masamu ake anakonzedwa mwakuti chimene chasainidwa ndi yachinsinsi chimatsimikizidwa ndi yapoyera, koma kuchokera ku yapoyera simungapeze yachinsinsi. Browser ikafika, seva imatumiza satifiketi yokhala ndi kiyi yake yapoyera, n'kusaina uthenga posonyeza kuti ili nayodi yachinsinsi ija. Kenaka awiriwa amagwirizana kiyi ina ya kanthawi yosokonezera zonse zimene atumizirane. Zonsezi zimatha tsamba lisanayambe n'kuoneka komwe.

## Satifiketi ndi chidindo

Makiyi aliyense akhoza kupanga. Nanga browser idziwa bwanji kuti kiyi yapoyera imeneyi ndi ya banki yanu, osati ya munthu amene wakhala pa tebulo loyandikana nanu?

Amene anakulira kumudzi akuidziwa kalata ya kwa amfumu. Mukafika nayo ku ofesi, kalaliki sakudziwani inuyo, koma akudziwa chidindo cha amfumu anu, ndiye amakhulupirira zimene zalembedwamo. Satifiketi ndi kalata yotere. Mumakhala dzina la webusaiti, kiyi yake yapoyera, tsiku loyambira ndi lothera, komanso siginecha ya bungwe lotsimikizira, limene pa ntchitoyi limatchedwa CA. Kompyuta ndi foni iliyonse imabwera ndi mndandanda wa ma CA amene imawakhulupirira. Windows ili ndi wake, macOS wake, Android wake, ndipo Firefox imayenda ndi wakewake wochokera ku Mozilla.

Satifiketi ikafika, browser imaona kaye ngati amene anaidinda ali pa mndandanda. Akasowa, Chrome imalemba NET::ERR_CERT_AUTHORITY_INVALID. Imaonanso ngati dzina la mu satifiketi likufanana ndi limene mwalemba pa adiresi; likasiyana, mudzaona NET::ERR_CERT_COMMON_NAME_INVALID. Tsiku likadutsa kapena lisanafike, ndi NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Mawu ang'onoang'ono amenewa amakhala pansi pa chenjezo lija, ndipo ndi bwino kuwawerenga musanayambe kusintha chilichonse.

La tsikulo nthawi zina silikhudza satifiketi n'komwe. Laputopu zambiri zimene timagula zitagwira kale ntchito kwina zimabwera kabatire kosunga wotchi katatha. Batire lalikulu likaphwa chifukwa magetsi athima, wotchi imabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo masamba onse a HTTPS amakana, ngakhale Google yomwe. Pamenepo chofunika kukonza ndi wotchi.

## Chifukwa chake localhost imaloledwa koma foni ayi

Dzina loti localhost, chimodzimodzi adiresi ya 127.0.0.1, limatanthauza kompyuta yomweyo imene mukugwiritsa ntchito. Uthenga wopita kumeneko sutuluka pa chingwe kapena pa Wi-Fi, umangozungulira mkati, choncho palibe angaime pakati. N'chifukwa chake ma browser amatenga http://localhost ngati malo otetezeka ngakhale palibe satifiketi. Adiresi ya 192.168.1.20 ndi nkhani ina. Uthenga wake ukudutsa pa router imene anthu ena alumikizaponso, ndipo browser ya pa foni ilibe njira yodziwira kuti laputopuyo ndi yanu.

Zotsekeredwazi zakhala zikuchuluka chaka ndi chaka. Chrome inaletsa kamera ndi maikolofoni pa masamba a HTTP kumapeto kwa 2015, n'kuletsa kufunsa malo amene munthu ali mu 2016. Mu Julayi 2018, ndi Chrome 68, inayamba kulemba "Not secure" pa tsamba lililonse la HTTP. Service worker, kachidutswa ka khodi kamene kamalola tsamba kutsegukabe netiweki ikadula, sikayamba n'komwe pa malo osatetezeka. Kwa amene tikupangira anthu okhala kumene netiweki imabwera n'kupita, ichi n'chachikulu, chifukwa ndi pa foni pomwepo pamene tikufuna kuyesa.

Ngati ntchito yanu yonse ikuchitikira pa localhost ndipo palibe chikukana, musadzivutitse, HTTP ikukwanirani. Kufunika kwa HTTPS kumabwera mukafuna kuyesa pa foni, mukafuna dzina lanulanu monga sitolo.test, kapena mukayamba kulimbana ndi ma cookie. Cookie ndi kachidziwitso kamene webusaiti imasunga mu browser kuti ikukumbukireni mukalowa. Cookie yokhala ndi chizindikiro cha Secure imatumizidwa pa HTTPS pokha, ndipo kuyambira Chrome 80 mu 2020, cookie yoti igwire ntchito pakati pa mawebusaiti awiri osiyana iyenera kukhala ndi SameSite=None pamodzi ndi Secure. Chizindikiro cha vutoli n'chodziwika: mulowa ndi pasiwedi yolondola, tsamba livomera, mudina chinthu chotsatira, likubwezani poyambira ngati simunalowepo. Pa localhost, Chrome ndi Firefox amalola cookie yotere, pamene Safari yakhala ikukana.

Palinso HTTP/2, mtundu watsopano wa HTTP, imene ma browser amaigwiritsa ntchito pa HTTPS pokha. Ndipo tsamba la HTTPS likamaitana script kapena API (khomo limene pulogalamu imapempherapo deta kwa inzake) ya pa HTTP, browser imaletsa. Mukamayesera pa HTTP nthawi zonse, zolakwika za mtundu umenewu simuziona kufikira tsiku limene webusaiti yakwera ndipo kasitomala akuimba foni.

## Let's Encrypt singadinde localhost

Pa intaneti yeniyeni nkhani ya satifiketi inaphweka. Let's Encrypt, CA ya bungwe la Internet Security Research Group, yakhala ikupereka masatifiketi aulere kuyambira kumapeto kwa 2015. Isanadinde, imakufunsani kuti musonyeze kuti dzinalo mukulilamulira inu, poika fayilo pa seva kapena polemba china chake mu DNS, kaundula wolumikiza mayina a mawebusaiti ndi maadiresi awo. Koma localhost ilibe mwini, kompyuta iliyonse padziko ili nayo yake. Maadiresi oyamba ndi 192.168 nawonso amabwerezedwa m'nyumba ndi m'maofesi osawerengeka. Malamulo a ma CA amaletsa kudinda mayina ndi maadiresi otere.

Amene ali ndi dzina lenileni logula akhoza kutenga satifiketi ya kadzina ka pansi pake kudzera mu DNS, n'kukalozetsa ku kompyuta yake. Zimatheka, koma satifiketi ya Let's Encrypt imakhala ya masiku ochepa, kwa zaka zambiri akhala 90, ndipo kuikonzanso kumafuna intaneti.

## Kudzilembera kalata wekha

Njira imene ambiri amayamba kukumana nayo ndi satifiketi yodzisainira, yopangidwa ndi OpenSSL, pulogalamu yopangira makiyi ndi masatifiketi:

```
openssl req -x509 -newkey rsa:2048 -nodes -days 365 \
  -keyout key.pem -out cert.pem -subj "/CN=localhost" \
  -addext "subjectAltName=DNS:localhost,IP:127.0.0.1"
```

Mzere womalizawo ndi wofunika. Kale browser inkawerenga dzina pa gawo la CN, koma kuyambira Chrome 58 mu 2017 imaliyang'ana pa subjectAltName pokha. Malangizo ambiri akale alibe mzerewu, ndipo owatsatira amadabwa kuti dzina lili momwemo koma browser ikuti silikugwirizana.

Satifiketi imeneyi imabisa uthenga bwinobwino, mofanana ndi yogula. Chimene ilibe ndi woichitira umboni: mwalemba kalata nokha, mwadinda nokha. Browser idzakuchenjezani, inu mudzadina Advanced kenaka Proceed, tsamba litseguka. Koma service worker idzakanabe kulembetsa chifukwa cha satifiketiyo. Ngati API yanu ili pa dzina lina, kuitana kwake kudzalephera mwakachetechete popeza kumeneko kulibe batani lodina. Chimene ine chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi: munthu amene amadumpha chenjezo lofiira tsiku lililonse pa ntchito amadzalidumphanso tsiku limene chenjezolo likunena zoona.

## Kukhala mwini chidindo: mkcert

Njira yabwino ndi kupanga CA yanuyanu, kuuza kompyuta yanu kuti iziikhulupirira, kenaka CA imeneyo izidinda masatifiketi a ntchito zanu zonse. Izi zimatheka ndi OpenSSL, koma masitepe ake ndi ambiri ndipo kulakwitsa n'kosavuta. Mu 2018 katswiri wa zachitetezo Filippo Valsorda anatulutsa kapulogalamu kotchedwa mkcert, kolembedwa mu Go, kamene kamachita zonsezi ndi ma command awiri. Pa Windows kamapezeka kudzera pa Chocolatey kapena Scoop, pa macOS kudzera pa Homebrew. Pa Ubuntu ndi Debian yambani mwaika libnss3-tools, chifukwa ndi mmene muli chida cholembera mu mndandanda umene Firefox ndi Chrome amagwiritsa ntchito pa Linux.

```
mkcert -install
```

Command iyi imapanga mafayilo awiri, rootCA.pem ndi rootCA-key.pem, n'kuika yoyambayo pa mndandanda wa ma CA odalirika pa kompyuta yanu. Idzakupemphani pasiwedi, kapena Windows idzakufunsani ngati mukuvomereza. Mukungochita kamodzi pa kompyuta iliyonse. Kenaka, mu foda ya ntchito yanu:

```
mkcert sitolo.test localhost 127.0.0.1 ::1 192.168.1.20
```

Mudzapeza sitolo.test+4.pem, imene ndi satifiketi, ndi sitolo.test+4-key.pem, imene ndi kiyi yake yachinsinsi. Nambala 4 ikungowerenga mayina ena amene mwaonjezera. Dzina lililonse kapena adiresi iliyonse imene mudzalembe mu browser iyenera kukhala pa mndandandawu. Mukaiwala imodzi, pangani satifiketi ina, sizitenga nthawi. Mukalemba "*.sitolo.test" satifiketi idzagwira pa api.sitolo.test ndi admin.sitolo.test, koma osati pa sitolo.test yeniyeniyo kapena pa dzina la magawo awiri monga a.b.sitolo.test.

Masatifiketi a mkcert amakhala zaka 2 ndi miyezi 3. Chiwerengerochi sichinangobwera: iOS ndi macOS amakana satifiketi yopitirira masiku 825, ndiye amene amadzipangira ya zaka 10 ndi OpenSSL amaona ikugwira pa Windows koma kukana pa iPhone. Mukamaliza, tsekani browser yonse n'kuitsegulanso. Ndipo kapulogalamuka kakangokhala pa kompyuta, zonsezi zimachitika popanda intaneti, osadya bandulo.

## Dzina loyenera kusankha

Kuti sitolo.test ilozere ku kompyuta yanu, onjezerani mzere woti `127.0.0.1 sitolo.test` mu fayilo ya hosts. Pa Linux ndi macOS ili pa /etc/hosts, pa Windows ili pa C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts, ndipo imafuna kutsegulidwa ngati administrator.

Mathero a dzinalo musangopeka. Kwa zaka zambiri omanga mawebusaiti ankakonda mayina othera ndi .dev pa makompyuta awo. Kenaka Google inatenga .dev kukhala yake, ndipo mu Disembala 2017, ndi Chrome 63, mayina onse a .dev anaikidwa pa mndandanda wa HSTS. HSTS ndi lamulo louza browser kuti dzina ili isalitsegule pa HTTP, komanso isapereke batani lodumphira chenjezo. Anthu ambiri anadzuka n'kupeza ntchito zawo zonse zikukana kutseguka asanasinthe kanthu, ndipo zida monga Laravel Valet zinasamukira ku .test. Mathero a .test, .example, .invalid ndi .localhost anasungidwa mwalamulo mu 1999 kuti asadzagulitsidwe kwa aliyense. Pewaninso .local, chifukwa ndi imene maprinta ndi zipangizo zina zimagwiritsa ntchito podziwana pa netiweki, ndipo ikhoza kuchedwetsa kutseguka kwa tsamba.

HSTS ili ndi msampha wina. Siyang'ana port. Ntchito yanu imodzi ikatumiza lamuloli ili pa https://sitolo.test, browser idzakakamiza HTTPS pa sitolo.test yonse, ndipo ntchito ina imene inkayenda bwino pa http://sitolo.test:8000 idzayamba kukana. Mu Chrome mumachotsa potsegula chrome://net-internals/#hsts n'kufafaniza dzinalo. Ichi n'chifukwa china chopatsira ntchito iliyonse dzina lake.

## Kuuza seva

mkcert sikhudza seva yanu. Mafayilo awiri aja muwalozetse nokha. Pa Nginx, imodzi mwa mapulogalamu a seva:

```
listen 443 ssl;
server_name sitolo.test;
ssl_certificate     /njira/sitolo.test+4.pem;
ssl_certificate_key /njira/sitolo.test+4-key.pem;
```

Pa Apache, monga ya mu XAMPP, tsegulani httpd-ssl.conf mu foda ya conf/extra n'kusintha mizere ya SSLCertificateFile ndi SSLCertificateKeyFile. Zida zina zili ndi njira zawo zachidule: `dotnet dev-certs https --trust` pa .NET, `valet secure` pa Valet, `next dev --experimental-https` pa Next.js.

Ngati simukufuna kukhudza khodi, ikani seva ina patsogolo kuti izilandira HTTPS n'kumapatsira pulogalamu yanu pa HTTP mkati mwa kompyuta. Caddy ndi yosavuta pa zimenezi, popeza imadzipangira CA yake:

```
sitolo.test {
  tls internal
  reverse_proxy localhost:3000
}
```

Kumbukirani kuti pamenepa pulogalamu yanu ikuona HTTP, ndiye ikhoza kupanga maulalo oyamba ndi http kapena kukana kuika cookie ya Secure. Imayenera kuuzidwa kuti ikhulupirire uthenga wa X-Forwarded-Proto wochokera ku seva yapatsogoloyo. Mu Express ndi trust proxy, mu Django ndi SECURE_PROXY_SSL_HEADER. Popeza ma seva ambiri a pa intaneti amakonzedwa chimodzimodzi, ndi bwino kukumana ndi vutoli muli pa tebulo panu.

## Kufikira pa foni

Foni sidziwa CA yanu, choncho muyenera kuiphunzitsa. Lembani `mkcert -CAROOT` kuti muone foda imene muli mafayilo a CA, n'kutumiza rootCA.pem yokha ku foni. Pa Android, pitani ku Settings, gawo la chitetezo, pamene pali mwayi woika CA certificate. Malo ake enieni amasiyana malinga ndi kampani ya foni, ndipo foni idzafuna kuti ikhale ndi PIN kapena loko ina. Pa iPhone pali masitepe awiri ndipo lachiwiri ndi limene ambiri amaiwala: mukaika profile, pitani ku Settings, General, About, Certificate Trust Settings, n'kuyatsa batani la CA yanu.

Seva nayo iyenera kumvetsera pa netiweki, osati pa 127.0.0.1 pokha. Mu Vite mumaonjezera `--host`, mu zida zina mumalemba 0.0.0.0. Firewall ya Windows ikafunsa, ilolezeni pa netiweki ya kunyumba kapena ya ku ofesi yokha. Adiresi ya laputopu imasinthanso mukachoka pa router n'kupita pa hotspot ya foni, ndipo ikasintha satifiketi yakale sigwiranso.

Pa Android pali njira yachidule imene sifuna satifiketi konse. Yatsani USB debugging, lumikizani foni ndi chingwe, n'kulemba:

```
adb reverse tcp:3000 tcp:3000
```

Tsopano mukatsegula http://localhost:3000 pa foni, uthenga ukudutsa mu chingwe kukafika ku laputopu, ndipo Chrome ikuona localhost, malo otetezeka. Ngati cholinga chanu n'kungoyesa kamera, iyi ndiye njira imene ndingakulangizeni kuyamba nayo.

Omanga ma app a Android adziwe izi: kuyambira Android 7 mu 2016, app sikhulupirira CA yoikidwa ndi mwini foni pokhapokha italolezedwa mu fayilo ya network security config. Choncho tsamba likhoza kutseguka mu Chrome pa foni koma app yanu n'kumakana seva yomweyo.

## Fayilo yosayenera kuchoka pa kompyuta yanu

Tibwerere ku rootCA-key.pem, chifukwa apa m'pamene pagona nkhani. Mutalemba `mkcert -install` munauza kompyuta yanu kuti ikhulupirire chilichonse chimene CA imeneyi yadinda. Simunanene kuti sitolo.test yokha. Munthu amene wapeza fayiloyi akhoza kudinda satifiketi ya banki yanu, ya Gmail, ya Facebook, ndipo ngati ali pakati pa inu ndi intaneti, kompyuta yanu ndi foni iliyonse imene munaikamo rootCA.pem zidzavomera popanda chenjezo lililonse. Chidindo cha amfumu chili m'thumba mwake.

Izi zinachitikapo pa anthu ochuluka. Mu Febuluwale 2015 zinadziwika kuti laputopu zina za Lenovo zinkagulitsidwa zili ndi pulogalamu ya Superfish, imene inkaika CA yake kuti izilowetsa zotsatsa malonda m'masamba a HTTPS. Kiyi yachinsinsi ya CA imeneyo inali mu laputopu iliyonse, yofanana monsemo. Pasanapite nthawi katswiri wina, Robert Graham, anaitulutsa, ndipo kuchokera pamenepo aliyense wokhala nayo akanatha kudzionetsa ngati webusaiti iliyonse kwa eni laputopuzo. Chaka chomwecho Dell inapezekanso ndi vuto lofanana ndi satifiketi yake ya eDellRoot.

Gulu la anthu omanga ntchito imodzi limalowa mu dzenje lomweli mosazindikira. Mmodzi apanga CA, aika foda yonse pa GitHub kapena aitumiza pa gulu la WhatsApp kuti anzake asavutike. Aliyense apange CA yake pa kompyuta yake. Ndi command imodzi. Lembani *.pem mu .gitignore kuti ngakhale makiyi a masatifiketi asakwere ndi khodi. Laputopu ikamapita kwa okonza kapena ikamagulitsidwa, lembani `mkcert -uninstall`, kenaka fufutani foda ya CAROOT ndi dzanja chifukwa command imeneyi siichotsa, ndipo musaiwale kuchotsa CA ija m'mafoni onse oyesera. Pa foni ya kasitomala kapena ya m'bale wanu imene mwangobwereka, musaikepo n'komwe.

## Pamene browser yavomera koma khodi ikukana

Si pulogalamu iliyonse imawerenga mndandanda wa kompyuta. Node.js imabwera ndi wake, laibulale ya requests ya Python nayonso, Java nayonso, ndipo container ya Docker, kabokosi koyendetseramo pulogalamu payokha, sidziwa chimene chaikidwa pa kompyuta yoisunga. Ndiye tsamba litseguka bwino mu Chrome, koma seva yanu imodzi ikaitana inzake pa https://api.sitolo.test ilephera.

Yankho limene limapezeka msanga ndi kuzimitsa kutsimikizira: `curl -k`, `verify=False` mu Python, `NODE_TLS_REJECT_UNAUTHORIZED=0` mu Node. Zimagwira ntchito nthawi yomweyo, ndipo ndiye kuipa kwake. Mzere wotere umaiwalika mu khodi, umakwera pa seva yeniyeni, ndipo pulogalamu imene ikutumiza zinthu za makasitomala imayamba kuvomera satifiketi iliyonse. Njira yolondola ndi yaifupi chimodzimodzi: ionetseni pulogalamuyo pamene pali CA yanu. Mu Node lozetsani NODE_EXTRA_CA_CERTS ku rootCA.pem. Mu requests ndi REQUESTS_CA_BUNDLE, kungoti iyi imalowa m'malo mwa mndandanda wonse, choncho ngati khodi ikuitananso mawebusaiti akunja, phatikizani rootCA.pem ndi mndandanda wakale mu fayilo imodzi. Mu container ya Debian kapena Ubuntu, koperani fayiloyo ku /usr/local/share/ca-certificates/ ndi dzina lothera ndi .crt, n'kulemba `update-ca-certificates`.

## Pamene akunja ayenera kukufikani

Pali chinthu chimodzi chimene mkcert singathe. Mukamalumikiza webusaiti ndi njira yolipirira, monga yolandira ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba, seva ya kampani yoyendetsa malipiroyo imayenera kuitana seva yanu kukuuzani kuti kasitomala walipira. Seva imeneyo ili pa intaneti, sidziwa sitolo.test, singafike pa 192.168.1.20, ndipo sikhulupirira CA yanu.

Apa pamafunika tunnel, pulogalamu imene imatsegula njira kuchokera ku laputopu yanu kupita ku seva ya kampani ina, n'kukupatsani adiresi ya pa intaneti yokhala ndi satifiketi yeniyeni. Zodziwika ndi ngrok ndi Cloudflare Tunnel. Command ya `ngrok http 3000`, kapena `cloudflared tunnel --url http://localhost:3000`, imakupatsani adiresi ya https imene mungaike pa malo a callback (adiresi imene kampani ya malipiro iziitana), komanso imene mungatumizire kasitomala ali ku Mzuzu kuti aone ntchito inu muli ku Blantyre. Foni iliyonse idzatsegula popanda kuikamo kanthu.

Mtengo wake ndi wakuti chilichonse chikudutsa pa intaneti, ndiye bandulo ikudyeka ndipo liwiro likudalira netiweki. Uthenga ukudutsanso m'makina a kampani ya tunnel, amene ndi amene amautsegula asanaupatsire kwa inu, choncho gwiritsani ntchito deta yoyeserera, osati ya makasitomala enieni. Ndipo adiresiyo ndi yotseguka kwa aliyense amene waipeza. Seva yoyeserera nthawi zambiri imakhala ndi debug yoyaka, ndipo tsamba lake la zolakwika likhoza kuonetsa khodi, njira za mafayilo, ngakhale pasiwedi ya database. Zimitsani debug musanatsegule tunnel, ndipo mukamaliza kuyesa dinani Ctrl+C pa terminal ija kuti njirayo itsekeke.